Kwa inu amene mukusunga ya basi kuti mukagwire ntchito ya vinyo ku Cape

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Mbare, kuno ku Harare, anyamata anayi ananditsatira mpaka pokwerera makombi. Awiri abwera kumene kuchokera ku Ntcheu, analowera pa malire a Nyamapanda mwezi wathawu ndipo akugona kwa azakhali awo ku Epworth. Enawo ndi obadwira konkuno, Chichewa chawo n'chothira Chishona ngati cha ana anga. Funso linali limodzi: "Amalume, akuti ku vinyo kuli ndalama, n'zoona?" Ndinangoti eya zilipo, poti kondakitala anali atandigwira kale mkono. Koma njira yonse mpaka ku Mufakose mtima sunandikhale, chifukwa yankho lalifupi chotero likhoza kuphetsa mwana wa eni. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, awerenge iwowo ndi ena onse amene akuwerengera masiku kuti Januwale afike.

Bambo anga anabwera m'dziko muno la Zimbabwe kuchokera ku Dedza ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, nakalambira m'mafamu a fodya ku Mvurwi mpaka mafamuwo atalandidwa mu 2000. Ine sukulu ndinaphunzirira kwa agogo ku Dedza komweko, kenako ndinabwerera kuno. Ku Western Cape, ku South Africa, ndagwirako nyengo 11 za mphesa: ziwiri m'munda ndi sizasi m'manja, zina zonsezo mkati mwa nyumba yofululiramo vinyo, imene eni ake m'Chiafrikaans amati kelder. Ndagwirapo cha ku Paarl, ku Robertson ndi ku Stellenbosch. Zimene ndilembe pano ndi za m'kelder.

Nyengo yake amaitcha parstyd. Imayamba kumapeto kwa Januwale n'kutha kumayambiriro kwa Epulo. Zoyamba kudulidwa ndi mphesa za vinyo wa thovu uja, kenako zoyera monga Sauvignon Blanc, Chenin Blanc ndi Chardonnay, kenako zofiira, Pinotage patsogolo, Shiraz pambuyo, ndipo Cabernet Sauvignon ndi amene amatseka chitseko. Maina amenewa muwaloweze muli m'basi, adzakuthandizani kuwerenga zolembedwa pa mathanki. Chimene muyenera kumvetsa n'chakuti mphesa si chimanga. Chimanga ukhoza kuchiimika pa mkukwe milungu ingapo, iwe n'kukhala pamaliro kumudzi kwina, n'kudzachipeza chili bwinobwino. Mphesa ikapsa lero ndi lero basi. Ku Paarl mu Febuluwale dzuwa limafika mpaka madigiri 40, ndipo masiku atatu otentha otsatizana amapsetsa minda yonse nthawi imodzi. Pamenepo mathirakitala amangoti ndondondo pa sikelo, ndipo palibe amene angaweruke mphesa zili panja. Maola ataliatali amachokera pamenepo. Ine masabata apakati a nyengoyi ndakhala ndikulowa 6 koloko m'mawa n'kutuluka 8 kapena 9 usiku, masiku 6 pa sabata, ndipo tsiku lina m'bandakucha unandipeza ndikutsukabe makina ofinyira.

Wina wa anyamata aja anaseka n'kunena kuti ntchito yolawa vinyo tsiku lonse ndiye yabwino. Mwana wanga, ntchito yake ndi yotsuka. Utsuka thanki, utsuka payipi, utsuka pampu, utsuka pansi, ndipo ukamaliza utsukanso zomwezo chifukwa zagwira ntchito. Vinyo amaopa litsiro kuposa mwana wakhanda. Kachinthu kakang'ono kotsalira m'payipi kamasandutsa malita zikwizikwi kukhala viniga. Ukapanda kutsuka ndiye kuti ukukoka mapayipi olemera ngati nsato yonyowa, kapena ukukwera makwerero ndi ndowa.

Amayi anga ankafulula masese, ndiye kwa ine zinali zosavuta kumvetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mphesa sizifuna chimera, shuga zili naye kale. Zoyera zimafinyidwa zikangofika, madzi ake amawaziziritsa kuti nsenga zikhale pansi, n'kuwasamutsira m'thanki ina, n'kuthiramo yisiti, ndipo amawira pang'onopang'ono mozizira, cha m'madigiri 12 mpaka 16. Zofiira zimawira pamodzi ndi makoko ake, chifukwa mtundu uli m'makokomo, madzi a mphesa yofiira ndi oyera. Zikayamba kuwira makoko amayandama n'kuumbana pamwamba, ndiye kawiri kapena katatu pa tsiku muyenera kupopa vinyo kuchokera pansi n'kumuthira pamwamba, kapena kukankhira makokowo pansi ndi chitsulo chachitali, monga amavundulira amayi mumphika wa mowa. Ntchito imeneyi sidziwa Lamlungu. M'mawa uliwonse mumatunga pang'ono m'thanki iliyonse n'kuyeza shuga wotsala, kumeneko amawerenga pa muyezo wotchedwa Balling: mphesa zofiira zimalowa zili cha pa 24 kapena 25, ndipo nambalayo imatsika tsiku ndi tsiku mpaka shuga atatha. Amene amalemba manambala amenewa mwaukhondo, osanama ataiwala thanki ina, ndi amene wynmaker, mkulu wofulula vinyoyo, amayamba kumukhulupirira.

Zonsezi mudzaziphunzira m'masiku 10, si zovuta. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi sabata yachitatu.

Sabata yoyamba munthu amakhala ndi mantha, ndipo mantha amamusunga. Amafunsa chilichonse. Sabata yachiwiri thupi limaphwanya paliponse koma mutu umagwira. Pofika yachitatu wazolowera, mantha atha, ndipo tulo tosowa ta masiku 20 taunjikana. Miyendo imayenda yokha mwini wake atagona. Ngozi zonse zimene ndaziona ndi maso anga zachitika nthawi imeneyi, ndipo sizinagwere atsopano a dzulo koma anthu amene anayamba kudziona ngati odziwa.

Yanga inali mu 2013, tsiku lina cha m'ma 9 usiku. Tinali titakhetsa vinyo m'thanki ya Pinotage, kunatsala kulowamo ndi fosholo kukatulutsa makoko kuti apite kofinyidwa. Lamulo ndinkalidziwa bwinobwino: tsegula pamwamba ndi pansi, ika fani ikupize, yeza mpweya ndi kachipangizo kake, manga chingwe m'chiuno, ndipo pakhale munthu panja amene ntchito yake ndi kukuyang'ana iwe basi. Koma fani inali ku thanki ina, mnzanga anali atapita kukazimitsa pampu, ndipo ine ndinkangoganiza za mphasa. Ndinati chitseko chakhala chotsegula ola lathunthu, mpweya watuluka. Ndinakwawira mkati. Nditawerama kachitatu ndi fosholo, mtima unayamba kugunda ngati ndakwera phiri la Dedza chothamanga, m'makutu munalira, mawondo anasanduka phala. Ndinkaona chitseko apo, pafupi ngati apa ndi pakhomo, koma nzeru yoti ndipiteko inalibe pogwira. Amene anandipulumutsa ndi mkulu wina wa komweko, tonse tinkangomutcha Oom, ndiye kuti amalume m'Chiafrikaans, amene anagwira m'kelder imeneyo kuyambira ali mnyamata. Anaona payipi yamadzi ikungotayikira popanda munthu, anasuzumira, n'kundikoka mwendo iye ali panja. Ndinatsitsimukira pa simenti yonyowa. Mawu amene anandiuza usiku umenewo sindingawalembe pano, ena mwa inu ndimapemphera nanu.

Mvetsani chimene chinandigwetsa. Yisiti akamadya shuga amatulutsa zinthu ziwiri, mowa ndi mpweya wa carbon dioxide, umene kumeneko amangoti CO2 kapena gasi. Lita imodzi ya madzi a mphesa imatulutsa malita pafupifupi 50 a mpweya umenewu pofika pamene yatha kuwira. Ndiye taganizani thanki ya malita 20,000, ndipo m'nyumbamo muli mathanki 30 akuwira nthawi imodzi. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho umatsika n'kukhala pansi ngati madzi m'chithaphwi: pansi pa thanki, m'maenje a pampu, m'zipinda zapansi. Ukaimirira ukhoza kumva bwino, ukawerama walowetsa mutu m'dziwe. Makoko aja amapitiriza kuutulutsa ngakhale vinyo atachoka, ndipo fosholo iliyonse imene wavundula imamasula wina. Mumpweya wa panja CO2 ndi wochepetsetsa, 0.04 pa 100. Akafika magawo 10 pa 100 munthu amakomoka m'mphindi zochepa.

Mudzapeza akuluakulu ena okuuzani kuti tsitsani kandulo, ikapanda kuzima lowani. Musamvere. Kandulo imazima mpweya wabwino ukachepa kwambiri, koma CO2 amagwetsa munthu kandulo ikuyakabe. Funsani kachipangizo koyezera, ndipo ngati kelder ilibe, kapena batire lake linatha chaka chatha, musalowe. Kapitawo akalipa mulekeni alipe. Chinanso, ndipo ichi n'chovuta kwa ife amene tinaleredwa kuti mnzako akagwa umamudzutsa: mnzako akagwa m'thanki, usamulowere. Kuwa, koka chingwe, yatsa fani, itana anthu. M'thanki kawirikawiri mumafa awiri, wogwa ndi womutsatira. Oom uja anandikoka ali panja, n'chifukwa chake tonse awiri tinadya nsima mawa lake.

Ngakhale pamwamba pa thanki samalani. Munthu amatsegula chivindikiro n'kulowetsa mutu kuti aone ngati makoko anyowa, akoka mpweya kamodzi, chizungulire, ali pa makwerero a mamita asanu. Tsegulani mutatembenuzira nkhope kumbali.

Tulo tomweto ndi timene timatayitsa vinyo. Mnyamata wina wa ku Mangochi, wakhama kwambiri, anayatsa pampu osaona kuti valavu yapansi ya thanki yolandira inali yotsegula. Pamene ankazindikira, malita pafupifupi 2,000 a Chenin anali atapita ndi ngalande. Kuyambira tsiku limenelo ine ndili ndi mwambo umene ena amandiseka nawo: ndisanayatse pampu ndimayenda ndi payipi kuchokera ku thanki yotunga mpaka ku yolandira, dzanja lili pa payipiyo, ndikugwira valavu iliyonse ndi kutchula nambala ya thanki mokweza ngati mwana wa Sitandade 1. Maso otopa amanama, amaona chimene akuyembekeza kuona. Dzanja silinama. Ndipo mukalakwitsa, mwina mwasakaniza mathanki awiri, nenani nthawi yomweyo. Wynmaker akadziwa msanga amapeza chochita, koma akazitulukira yekha patapita masiku atatu, chaka chamawa foni yanu sidzalira. Mnyamata wa ku Mangochi uja anakanena yekha akunjenjemera, ndipo anabwereranso nyengo zina zitatu. Dziwaninso kuti bwana sangangokudulani malipiro chifukwa cha zowonongeka mwa kufuna kwake. Lamulo la kumeneko limafuna kuti akumveni kaye, mugwirizane molemba, ndipo zodulazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu.

Makina aja okoka mphesa, chitsulo chozungulira ngati bawuti yaikulu pansi pa chikhwawa chothiramo, sadziwa kusiyanitsa phava la mphesa ndi phazi. Chikatsekeka, zimitsani magetsi, khomani loko pa switchi, kiyi muike m'thumba mwanu, ndiye mulowe. Chimodzimodzi ndi makina ofinyira. Kungouza mnzanu kuti usayatse sikokwanira, nayenso akusinza.

Mathanki amatsukidwa ndi soda wa caustic. Si soda wa therere uja, ameneyu amadya mnofu. Choipa chake sapweteka msanga, amangoterera pakhungu ngati sopo, ndipo pamene uyamba kumva kuwawa wadya kale. Ovololo izikhala kunja kwa jombo, musaipisire mkati monga timachitira kumunda, apo ayi madzi onse otsika m'miyendo athera m'jombomo ndipo mudzavula sokosi pamodzi ndi khungu. Posungunula, thirani soda m'madzi, osati madzi mu soda. Akakugwerani m'maso, tsukani ndi madzi oyenda mphindi 15 kapena kupitirira, osati kungopukuta ndi malaya. Kulinso salifa amene amathira mu vinyo kuti asawonongeke. Fungo lake lili ngati la machesi oyatsa kumene koma loposa pamenepo kakhumi, limatseka pakhosi. Amene muli ndi mphumu nenani tsiku loyamba, musabise poopa kuti akubwezani. Alongo athu ambiri amagwira pa tebulo losankhira mphesa ndi poyeza shuga, ndipo ena amakoka nawo mapayipi. Zonsezi zikukukhudzani inunso, alongo.

Za thupi ndinena mwachidule. Manja adzada bii ndi mphesa zofiira n'kung'ambika m'mizere, pakani Vaseline usiku uliwonse. Masokosi mukhale nawo ambiri, muzisintha masana, poti phazi lokhala m'jombo yonyowa maola 14 limachita linyetsu pakati pa zala. Pamene amathirira mphesa pamadzaza njuchi ndi mavu, muziyang'ana musanagwire. Madzi imwani musanamve ludzu. Ndipo idyani chakudya chenicheni. Ndaona anyamata akukhala sabata yathunthu ndi buledi ndi zakumwa zija zoti zimachotsa tulo, kenako n'kugwa malungo osadziwika. Ufa ulipo m'sitolo iliyonse, nyemba ziliko, kabichi aliko. Vuto ndi mphamvu zogwira mthiko 10 koloko usiku. Ife tinkakhala anayi m'chipinda, ndiye tinapangana kuti Lamlungu tiphike nyemba zambiri, ndipo tsiku lililonse amene wayamba kuweruka ndiye atereke madzi a nsima ya onse. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale la chipinda cha lendi. Foni muziisiya. Ola limene mwathera pa Facebook mutagona chagada ndi lomwe lija mudzalifune mawa pamwamba pa makwerero.

Kukhala pakati pa vinyo wochuluka ngati nyanja kuli ndi mayesero ake. Kumeneko kunali mchitidwe wotchedwa dop, wolipira antchito a m'mafamu gawo lina la malipiro awo ndi vinyo, kangapo pa tsiku. Lamulo linauletsa m'ma 1960 koma unapitirira mobisa mpaka m'ma 1990, ndipo mabala ake mudzawaona ndi maso anu m'makomboni: mabanja amene mowa unalowa m'magazi kuyambira kwa agogo, ana obadwa ofooka chifukwa mayi ankamwa ali oyembekezera. Musawaseke anthu amenewa, sanadzisankhire. Koma inu musatunge m'thanki. Vinyo wowira kumene ndi wotsekemera ngati thobwa, amatsegula m'mimba, ndipo kapu imodzi pa thupi losagona imagwira ngati zitatu. Akakupezani ndi kabotolo m'jombo, ntchito yathera pomwepo.

Tsopano ndalama zija munafunsa. Zilipo, koma zili m'maola owonjezera, ndipo n'chifukwa chake pamenepo ndi pamene amaberapo. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ku South Africa anali R28.79 pa ola, ndipo kuyambira 2021 wa pafamu amalandira chimodzimodzi ndi wina aliyense. Amasintha chaka ndi chaka m'mwezi wa Malichi, pakati penipeni pa nyengo yathu, ndiye muzifunsa, ena amachita ngati aiwala. Maola wamba ndi 45 pa sabata. Opitirira apo ndi ovataimu, ola limodzi limalipidwa ngati limodzi ndi theka, ndipo Lamlungu ndi kawiri ngati si tsiku lanu logwira nthawi zonse. Pa pepala ovataimu ili ndi malire, maola 10 pa sabata, kapena 15 kwa a m'mafamu, koma pa parstyd malire amenewo ndawaona akudumphidwa kambirimbiri. Tiyeni tiwerengere limodzi pa mtengo wa 2025 uja. Sabata ya maola 72: maola 45 akupatsani R1,295, maola 27 otsalawo pa R43.19 akupatsani R1,166. Mukuona kuti ovataimu yatsala pang'ono kufanana ndi malipiro enieniwo. Wina akakulipirani maola 72 onsewo pa mtengo wamba, wakudyerani pafupifupi R390 sabata imeneyo. Masabata 10 ndi R3,900, fizi ya mwana imeneyo. Ndipo munthu wa m'sabata yachitatu sakumbuka ngati Lachiwiri anaweruka 8 kapena 10.

Ndiye gulani kope lachikuto cholimba. Usiku uliwonse musanavule jombo lembani deti, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi ntchito imene mwagwira. Mukasaina m'buku la pa ntchito, lijambuleni ndi foni. Chaka china ndinagwira kudzera mwa kontirakitala, awa amene amasonkhanitsa anthu pa lole n'kukawapereka m'mafamu, ndipo pa malipiro a masabata awiri panasowa maola 19. Sindinakalipe. Ndinangoika kope langa pa bonati ya galimoto yake, anzanga atatu n'kuikanso awo. Lachisanu lotsatira ndalama zinabwera. Tikanapita ndi pakamwa pokha akanatiuza kuti tikulota. Tsiku loyamba funsani kuti amene azikulipirani ndani, famu kapena kontirakitala, ndipo muzilandira kapepala ka malipiro kosonyeza maola ndi zonse zimene adula. Ya UIF, thumba la boma lothandiza amene ntchito yawathera, amadula 1 pa 100. Ngati mukugona m'nyumba ya pafamu, ya nyumba isapitirire 10 pa 100. Zikavuta kuli CCMA, kumene amaweruza milandu ya pa ntchito kwaulere, koma nkhani ya kuchotsedwa ntchito muyenera kukaitula pasanathe masiku 30. Kulinso mabungwe oimira antchito a m'mafamu monga CSAAWU cha ku Robertson ndi Women on Farms Project ku Stellenbosch.

Malipiro amenewa sanagwe kumwamba. Mu Novembala 2012 antchito a m'mafamu a mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito n'kutseka msewu wa N1, akulandira R69 pa tsiku, ndipo mu 2013 boma linakweza kufika pa R105. Anthu anafa pa sitiraka imeneyo. Ndikunena izi kuti mudziwe chifukwa chake eni dera amakwiya mlendo akavomera ndalama yotsika kuposa ya lamulo. Ku De Doorns komweko mu Novembala 2009 anthu a ku Zimbabwe anathamangitsidwa m'makomboni n'kukakhala m'matenti pa bwalo la masewero miyezi yambiri, ndipo mu Malichi 2022 ku Nkqubela, ku Robertson, a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anamenyana chifukwa cha ntchito zomwezi za m'mafamu, nyumba zinapsa. Ife Amalawi timatchuka kuti ndife ofatsa, osakana ntchito. Mbiri imeneyo imatilowetsa pakhomo, koma ndi yomweyonso imatidyetsa. Inu a pasipoti ya Malawi amene mwazolowera kale Chishona, dziwani kuti chipwirikiti chikabuka palibe amene amafunsa pasipoti. Phunzirani Chiafrikaans pang'ono, dankie (zikomo), asseblief (chonde), môre Oom, môre Tannie (moni wa m'mawa kwa akuluakulu). Kwa eni kulibe mkuwe. Amene anandikoka mwendo uja sanali Mmalawi.

Nkhani ya mapepala ndaisunga kumapeto chifukwa ndikudziwa kuti simukonda kuimva. Ine ndinachita mwayi, ndinalembetsa mu 2010 pamene South Africa inatsegula chilolezo chapadera cha anthu a pasipoti ya Zimbabwe, chimene pano chimatchedwa ZEP. Khomo limenelo linatsekedwa, amangowonjezera masiku kwa amene analowa kale, ndipo a pasipoti ya Malawi silinawakhudzepo. Inu a pasipoti ya Malawi pa malire a Beitbridge adzakudindirani masiku osapitirira 30 ngati mlendo, ndipo chidindo cha mlendo sichilola kugwira ntchito. Nyengo ya mphesa ndi masabata 10 kapena 12. Werengani nokha. Kuyambira 2014, amene wapitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa apo. Akakugwirani mkati, njira yake ndi ya ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amatsekera alendo asanawabweze kwawo. Mafamu ena akuluakulu amatenga chilolezo ku Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka, cholembera antchito akunja ambiri nthawi imodzi, ndiye amene akukuitanani mumufunse mwachindunji ngati ali nacho, musanagulitse njinga kapena mbuzi za amayi anu. Aliyense wokuuzani pa Roadport, pokwerera mabasi a kunja, kuti mupatseni madola akukonzereni chidindo pasipoti ili m'thumba mwake, akukugulitsani ndende. Ndipo pasipoti yanu isasungidwe ndi kontirakitala, ngakhale anene kuti akuisungira pabwino. Sindingakunamizeni kuti onse amene ali m'makelder ali ndi mapepala. Khoti la za ntchito kumeneko linagamula mu 2008 kuti ngakhale wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu ndipo ayenera kulandira zake, koma munthu woopa apolisi sapita kukadandaula, ndipo amene amamulemba amadziwa zimenezo. Munthu woteroyo ndi amene amauzidwa kuti lowa m'thanki, fani ibwera.

Ulendo wake ndi wautali: makilomita pafupifupi 580 kuchoka kuno kudzera ku Masvingo kukafika pa Beitbridge, kenako Joni, kenako ena pafupifupi 1,300 pa N1 kudutsa Bloemfontein ndi chipululu cha Karoo mpaka mutaona mapiri a ku Worcester. Musafike ndi thumba lopanda kanthu, malipiro oyamba amatenga sabata kapena awiri. Mukayamba kulandira, tumizani tsiku lomwelo kudzera ku Mukuru kapena njira ina yodziwika, ndipo kunyumba mupanganiretu kuti ndalamayo ndi ya chiyani, malata kapena fizi kapena feteleza. Ya basi yobwerera muipatule pa malipiro oyamba, muiiwale. Bambo anga ankati matchona ambiri sanatchone mwadala, anangosowa ya ulendo chaka choyamba, chachiwiri anachita manyazi.

Cabernet womaliza akafinyidwa, kunja kumayamba kuzizira, ntchito imasanduka yodzaza migolo ija ya malita 225 ndi 300, ndipo aganyu amayamba kuchotsedwa mmodzimmodzi. Musadikire tsiku lomaliza. Sabata imeneyo pitani kwa wynmaker mukapemphe kalata yonena ntchito zimene mumadziwa, pampu, makina ofinyira, kuyeza Balling, forklift ngati anakuphunzitsani, ndipo mumusiyire nambala ya WhatsApp imene sidzasintha. Cha mu Novembala ndi pamene amayamba kuitana anthu ake.

Musananyamuke pitani ku msika wa Mupedzanhamo mukagule masokosi ochindikala mapeya 6, juzi imodzi ya usiku ndi chipewa. Jombo, magolovesi ndi magalasi a m'maso ayenera kukupatsani ndi olemba ntchito, musalole kuti akudulitseni. Kope ndi mabolopeni awiri mugule konkuno. Anyamata anayi aja, Lamlungu likubwerali tikatuluka mundipeze pansi pa mtengo uja wa kuseri kwa tchalitchi, ndipo mubwere ndi mapasipoti anu ndidzaone madeti.